Goli la Alamu

Amuna anga anali Mngoni wopanda ng'ombe. Kwawo, mbali ya ku Domwe, mwamuna amapereka ng'ombe n'kutenga mkazi kupita naye kumudzi kwawo. Iwo analibe ngakhale thole lopunduka, choncho anatsetsereka kudzakwatira kwa ife Achewa, kumene mwamuna amangobwera ndi manja ake n'kukhala pamudzi pa mkazi ngati mkamwini. Anafika ndi gombeza, nkhwangwa, kasemasema ndi chitsulo choboolera mitengo. Ntchito yawo inali yosema magoli a ng'ombe za anthu ena.

Ndikati magoli, ndikunena magoli basi. Mtondo sankasema, chitseko ayi, mpando ayi. Tsiku lina mpini wa khasu langa unathyoka, ndipo ndinawapatsa kuti andisemere wina. Anautembenuza uku ndi uku ngati chinthu chimene sanachionepo, n'kunena kuti zimenezi zili ndi eni ake odziwa. Ndinakapempha mpini kwa mwamuna wa mnzanga, ine mkazi wa mmisiri, pakhomo panga pali zibanthu za mitengo zofika m'akakolo.

Nkhondo ya azungu inali itangotha kumene, ndipo makasu a ng'ombe ndi ngolo zinali zitayamba kuchuluka kumapiri kwathu kuno. Aliyense wokhala ndi ng'ombe ziwiri ankafuna kuzimanga, kuti kachewere ndi nyemba zizipita ku Ulongwe pangolo osati pamutu pa mkazi. Koma goli n'chiyani? Mtengo wowongoka, mabowo, zikhomo zotsekereza khosi ndi chingwe cha chikopa. Mwamuna aliyense wokhala ndi nkhwangwa ankatha kulisema m'mawa, masana n'kukalimira. N'chifukwa chake anthu ankaseka akamva kuti pali mkamwini amene ntchito yake yonse ndi imeneyo. Ine ndinkaseka nawo, chifukwa ndikanakhala duu akanayamba kuseka ine.

Anali ndi lamulo limodzi limene sankaliphwanya: sankasema goli asanaone ng'ombe zodzalivala. Munthu achokere kutali, akweze mkono kusonyeza msinkhu wa ng'ombe zake, alumbire pali amake, iwo ankangopukusa mutu. Ankanyamuka wapansi mpaka kukhola, n'kuyamba kusisita makosi, kupapasa linunda, kuyeza ndi chikhatho, kuziyendetsa kuti aone imene imatsogola ndi imene imazemba ntchito. Mwini khola ankapatsidwa moni pambuyo pake, akakumbukiridwa. Pamaliro anzawo akukhuza, iwo unkawapeza kuseri, kukhola la anamfedwa, dzanja lili pakhosi pa ng'ombe. Ndinachita manyazi mpaka manyaziwo anatopa nane.

Chaka chilichonse ankasintha chinthu chimodzi chokha. Kulima kukatha ankayendera makola onse kumene kunali magoli awo, kukaona pamene ubweya wathothoka ndi pamene patuluka bala, n'kubwera kunyumba ali ndwii ngati alandira uthenga wa maliro. Chaka china anakumba kunsi kwa goli kuti khosi lizilowa. Chaka china anapendeketsa zikhomo. Chaka china anasuntha pomangirira ngolo, kupasendezera kwa ng'ombe yamphamvu kuti yofooka isamalemedwe. Anayesa msuku, anayesa mbawa, kenaka anakhazikika pa katope wa m'mbali mwa mtsinje, ndipo anatulukira kuti mtengowo umafuna kuuma ndi utsi. Utsi wake unali wa m'nyumba yanga yophikira, moti ndinkaphika nditawerama, magoli ali lendelende pamwamba pa mutu wanga. Akamaliza kusema ankapala ndi phale la botolo n'kupaka mafuta a nsatsi, amene ine ndinkayenga kuti ndizidzola.

Zikatero ankandiitana. Ankagoneka pabwalo goli la chaka chatha ndi la chaka chino, n'kuima pambali manja ali kumbuyo.

"Amayi, taonani. Mwaona kusiyana kwake?"

Ine ndinkaona mitengo iwiri. Ndinkavomera kuti ndaona, kuopa kuti ndiwo zanga zingapserere.

"Likadali pang'ono," ankatero akulisisita. "Vuto lake ng'ombe siyankhula. Ikanati izinena pamene pakupweteka, bwenzi nditamaliza kalekale."

Mawu amenewa ndinawamva chaka ndi chaka mpaka ndinayamba kuwanena ndekha iwo asanatsegule pakamwa. Sankakwiya. Ankaganiza kuti ndikugwirizana nawo.

Chimene chinkatidyetsa si magoli. Ogula analipo ndithu, ndipo ankawonjezeka mwa kayendedwe komweko ka nkhono kamene magoliwo ankasinthira, koma munthu wotha mwezi pa mtengo umodzi sangadzaze nkhokwe. Tinkadya dimba langa. Anandisiyira amayi, iwonso anawasiyira amayi awo, kumunsi kwa mudzi kumene kasupe ankatuluka pansi pa mwala osaphwa ngakhale m'chilimwe. Munali ndiwo zamasamba zimene timati kove, anyezi, nzimbe, mitengo ya mapichesi, ndi chimanga chimene tinkaotcha anzathu asanabzale n'komwe. Dothi lake linali lakuda, lofewa, lozizira kumapazi. Ndinkadziwa pamene madzi amachedwa kulowa ndi pamene mfuko imakonda kudzera. Kunena zoona, dimba limenelo ndinkaliyang'ana kawirikawiri kuposa nkhope ya amuna anga, ndipo iwo sanadandaulepo poti nawonso anali ndi zoyang'ana zawo.

Tsono panali achimwene, alongo anga aakulu. Amalume atamwalira iwo ndiwo anakhala mwini mbumba, kutanthauza kuti ife alongo awo, ana athu ndi minda yathu tinali m'manja mwawo. Anali atangobwera kuchokera ku Halale ndi kazako, jekete ija ya mabatani owala, nsapato zolira, njinga ndi makina osokera. Munthu ameneyu ankadziwa ntchito zonse, ndipo iliyonse ankaidziwa kwa nyengo imodzi. Anayamba ndi kusoka, koma mabuluku awo ankafuna munthu wa mwendo umodzi wautali. Anamanga ng'anjo yophikira buledi amene timati pawu, ndipo pawu wake ana ankagendera agalu. Anakonzapo njinga, anaphikapo sopo wosupula khungu n'kusiya litsiro, anazulapo mano ndi chopanira chomwe ankakonzera njinga. Pali mayi wina kwathu amene anapita ndi dzino limodzi lobooka n'kubwerako lobookalo lili pomwepo, loyandikana nalo litapita. Ntchito ikafa achimwene sankakhala pamaliro, kukacha anali atayamba ina. Ndipo anthu ankawavulira zipewa, n'kumati mudzi wapeza munthu wotsegula maso. Masiku amenewo nsapato zinkakhululukitsa zambiri.

Achimwenewo ankawaona amuna anga ngati chitsa cha pabwalo chimene anthu amapunthwapo. Ankabwera madzulo dzuwa likupendeka, n'kuima pamwamba pawo iwo akupala goli.

"Alamu, dziko likupita patsogolo. Mmisiri weniweni amagwira chilichonse. Nkhwangwa muli nayo, bwanji osasema zitseko, mipando, mabokosi a maliro a akhristu? Anthu amafa tsiku ndi tsiku, koma ng'ombe imavala goli limodzi zaka."

"Zoona, alamu," amuna anga ankayankha, phale la botolo likupitiriza ntchito yake.

"Zoona, alamu" yawoyo inali khoma. Achimwene ankaligunda, n'kubwerera, mawa n'kudzaligundanso.

Kutsidya kwa mtsinje kunali mzungu wina amene anali ndi kinta, munda waukulu wa tirigu ndi kachewere. Anali wonenepa, wodwala miyendo, ndipo kumene galimoto silinkafika ankayenda pamachila. Ana a lero sawadziwa machila. Inali nsalu yolimba yomangirira ku mtengo wautali wa nsungwi, mzungu n'kugonamo, amuna n'kusenza mtengowo pamapewa kumathamanga naye kukwera ndi kutsika mapiri, akuimba kuti asalire. Onyamulawo anali amuna a m'midzi mwathu momwemu. Mapewa awo ankatupa n'kuphulika, ndipo mzunguyo ankadandaula kuti anthu a masiku ano ndi ofooka, sachedwa kuwonongeka.

Achimwene analimva dandaulo limeneli, ndipo m'makutu mwawo linamveka ngati ntchito yatsopano. Anapita kukinta chipewa chili m'manja, n'kukamuuza mzunguyo kuti pamudzi pawo ali ndi mkamwini wodziwa kusalaza mtengo mpaka khosi la ng'ombe osatupa, ndipo akhoza kusema mtengo wa machila wokhala ndi pokhalira phewa, woti munthu n'kunyamula tsiku lonse. Analonjeza asanamufunse mwini nkhwangwa, poti mkamwini safunsidwa, amauzidwa. Pobwera anali akuona kale azungu onse mpaka ku Tete akugona pansi pa mitengo yochokera pakhomo pathu.

"Alamu, mwayi wagwa pakhomo! Lero mukusiya ng'ombe, mukuyamba azungu."

Amuna anga anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuuzira fumbi pagoli.

"Ine ndimasema magoli a ng'ombe, alamu."

"N'chimodzimodzi! Mtengo, phewa, katundu."

"Phewa la munthu sindilidziwa."

"Muliphunzira. Si inu mumapapasa makosi pamaliro?"

"Ndikadali kuphunzira la ng'ombe, alamu. Sindinamalize."

Achimwene anaitanitsa ankhoswe, akuluakulu a mbali zonse ziwiri amene amaweruza za ukwati. Kuchokera kwawo kwa amuna anga kunabwera nkhalamba imodzi yogontha, imene inagwedeza mutu kuvomereza aliyense woyankhula. Mlandu unali wakuti mkamwini akudya za m'dimba la mbumba, akukana mawu a mwini mbumba, ndipo wawachititsa manyazi pamaso pa mzungu. Poyamba anthu sanafune kuti zifike patali. Azakhali anga, amene ankawakonda amuna anga chifukwa sankamwa mowa, anawanyengerera kuti angosema, ndi kamtengo chabe, zithe. Ine ndinali pamphasa ndi mwana kumsana, ndikupemphera kuti anene "zoona" yawo ija n'kukhala chete. Koma tsiku limenelo ndi limene anasankha kuyankhula. Anaimirira, anakonza kukhosi, n'kunena mawu aatali kuposa onse amene ndinawamvapo pakamwa pawo.

"Goli la anthu si lachilendo. Agogo anga ankaveka anthu magoli pokawagulitsa, ndipo ovala ake anali agogo anu. Ine ndimati zimenezo zinakwana."

Iwo ankaganiza kuti anena mawu abwino. Ndinawaona nkhope, ankachita kudikira kuti anthu awombe m'manja. Koma kuwauza Achewa pabwalo pawo, utadya kove wawo zaka zonsezi, kuti agogo awo anali akapolo a agogo ako! Azakhali omwe aja analavulira pambali. Nkhalamba yogontha inagwedeza mutu kuvomereza, ndipo zimenezo zinangowonjezera moto. Chigamulo chinali chachifupi: aseme mtengo wa machila, apo ayi anyamule gombeza lawo.

Sanatsutse. Anapita m'nyumba yophikira n'kuyamba kumasula magoli kudenga.

Mwambo wathu unali wakuti mkamwini akachotsedwa amapita yekha. Mkazi amatsala ndi ana ndi munda, n'kumadikira wina. Achimwene anabwera kudzandikhazika mtima pansi.

"Iwe mlongo wanga, usade nkhawa, amuna ali mbwee, ena a njinga. Koma ukamutsatira, udziwe kuti dimba silitsatira munthu. Ndi la mbumba."

Amuna anga ndinawatsatira. Anthu akhala akundifunsa chifukwa chake, ndipo ndimayankha mosiyanasiyana malinga ndi amene wafunsa. Zoona zake n'zakuti ndinkawakonda, ndi kuuma mutu kwawo komweko, komanso zinandiwawa kuti bwalo lonse linakamba za ukwati wanga popanda wondifunsa ngakhale mmene ndadzukira. M'mawa wa ulendo ndinatsikira kudimba. Kove anali atangoyamba kutambasula masamba, mapichesi ali ndi maluwa. Ndinathirira mizere yonse ngati ndibweranso mawa, ndipo ndinalira mpaka mwana kumsana anayamba kundithandiza. Kenaka ndinasenza magoli pamutu, chifukwa mkazi wa mmisiri wa magoli analibe ngolo.

Ku Domwe ndinali mkazi wobwera popanda ng'ombe yoperekedwa, ndipo akazi akumeneko sanalole kuti ndiiwale. Pachitsime ankafunsana mokweza kuti kodi masiku ano akazi akupezeka aulere. Anatipatsa munda wa kumtunda, wamiyala, madzi ali kutali. Ndiwo zinali nyemba dzulo, nyemba lero, ndipo nyemba zikatha mfutso. Ndinkalota kove. Amuna anga okha ndiwo anali pachisangalalo, poti kumeneko makola anali khomo ndi khomo, makosi osatha kupapasa. Chaka chimenecho anafupikitsa zikhomo pang'ono, n'kundiitana kuti ndidzaone kusiyana. Sindinapite.

Nkhani za kwathu zinkabwera ndi anthu odzagulitsa chimanga kumalire. Achimwene atasowa wosema anati kodi chovuta n'chiyani, n'kusema okha, poti ntchito zonse ankazidziwa. Anasankha muwanga kuti mzungu aone kulimba kwake, ndipo anausema wauwisi chifukwa nthawi youmitsa panalibe. Pokhalira phewa anakumba mongoyerekeza, koma anaujambula maluwa ndi chitsulo chamoto kuyambira uku mpaka uko. Mzungu anawakonda maluwawo, poti ndiwo ankawaona akagona chagada, ndipo analamula kuti nsungwi yakale aisonkhere moto. Mtengowo pawokha unkalemera ngati mzungu wachiwiri. Onyamula anapirira pang'ono, kenaka ena anaolokera ku Nyasalande osatsanzika. Mzungu anaitana achimwene n'kuwauza kuti popeza mmisiri ndiye amadziwa kanyamulidwe ka chinthu chake, alowe pansi pake awaonetse anzawo. Kukana kunalibe, chifukwa mzunguyo ankadya mbale imodzi ndi anthu olemba amuna a chibalo, ntchito yokakamiza ija imene munthu ankapita osadziwa tsiku lobwerera. Nditamva ndinaseka. Kenaka ndinakumbukira kuti ndi mwana wa amayi anga ndipo ndinaleka, koma osati msanga.

Achimwene anafika masana ena nyengo yokolola, ine ndikupuntha nyemba pabwalo. Ndinawazindikira ndi kulira kwa nsapato, chifukwa china chilichonse chinali chitasintha. Kazako anali atamukoleka pamkono, poti paphewa sakanakhala. Mutu unali utapendekera mbali imodzi, ndipo pakati pa khosi ndi phewa panali bala lalikulu ngati chikhatho, ntchentche zikuwaperekeza. Anakhala pansi osadikira mpando, ndipo anachita bwino, chifukwa pakhomo pa amuna anga mpando panalibe.

"Alamu," anatero atapuma, "ndabwera ndi manja awiri. Zakale zithe. Bwererani kumudzi, nyumba yanu ilipo. Mlongo wangayu dimba lake likumudikira, palibe amene walowamo ndi khasu. Ingosemani mtengo umodzi wopepuka, mmene mumadziwira inu, ndisanafe."

Ndodo yopunthira inaima m'mwamba, ndipo ndinamva kuzizira kwa dothi lija kumapazi ngati ndaimamo. Ndinayang'ana amuna anga, ndipo koyamba chikwatiraneni ndinawaona akuyang'ana achimwene mwachidwi. Anaimirira, anapukuta manja, anazungulira kumbuyo kwawo n'kuika chikhatho pakhosi, ndendende mmene ankachitira kukhola. Chamumtima ndinati zatheka, tikupita kwathu.

"Pamapweteka ndi apa, pabalapa?"

"Ayi, alamu. Balalo limangowawa pamwamba. Popweteka penipeni ndi apa." Achimwene analoza kutsogolo pang'ono, pafupa, pamene khungu linali losalala lopanda ngakhale chipsera. "M'kati, ngati akukhoma msomali."

Amuna anga anatsegula pakamwa.

"Popanda bala?"

"Popanda bala."

"Pokwera kapena potsika?"

"Potsika. Pokwera umangolemedwa. Potsika mtengo umatsetserekera kutsogolo, m'mphepete mwake n'kumaluma."

"Nanga mnzanu wonyamula naye akakhala wamfupi?"

Mafunso anapitirira. Thukuta likatuluka zimatani, mvula ikagwa zimatani, ululu umayamba m'mawa kapena dzuwa likakwera, umatsikira kumsana kapena umakwera kumutu. Achimwene ankayankha mwaulemu ngati wodwala pamaso pa sing'anga, n'kumawonjezera ndi zimene sanafunsidwe. Amuna anga anawaweramitsa, anawawongola, kenaka anatenga goli la chaka chimenecho n'kuwaika pakhosi kuti aloze bwino pamene likuluma. Anawauza kuti atsike nalo kachitunda ka kuseri kwa nyumba, akwere, atsikenso. Mwini mbumba wathu, munthu woona Halale, anazungulira nkhokwe yanga atavala goli la ng'ombe, nsapato zikulira. Akazi a pachitsime aja anaima kumpanda mitsuko ili pamutu. Ine ndinangoti apirire, zonsezi ndi njira ya kudimba.

Potsiriza amuna anga anawatula golilo, ananyonyomala n'kuwomba m'manja.

"Zikomo kwambiri, alamu. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyang'ana pabala, kusalaza pabala, osadziwa kuti ululu uli pena. Palibe anandiuzapo. Mwandithandiza kwabasi."

"Ndiye mtengo uja muyamba liti?"

"Uti?"

"Wa machila, alamu!"

"Aa. Ine ndimasema magoli a ng'ombe, alamu."

Ine, amene sindinafunsidwe pabwalo la ankhoswe, ndinaona kuti pano ndikapanda kuyankhula sindidzayankhulanso.

"Bambo, dimba."

"Ndamva, amayi," anayankha akuyang'ana pansi. "Koma ndikasema wabwino, mzungu adzangotalikitsa maulendo. Onyamula adzakhala omwewo."

Mwina anali ndi nzeru. Ndakhala ndikuganiza zaka zambiri ndipo sindinapeze powatsutsa. Koma ndinaonanso kumene maso awo anathawira atangomaliza kuyankhula: ku chipika cha katope chimene chinali kuuma pakhonde. Munthu anali atapeza ng'ombe yoyankhula imene ankaifuna moyo wake wonse, ndipo zala zinkamuyabwa. Ndikanakhala wamtima wina ndodo ya nyemba ija ikanagwira ntchito yachiwiri.

Achimwene sanakalipe. Analira, misozi yeniyeni, munthu wamkulu. Ndinafunditsa madzi a mchere n'kuwatsuka bala, kenaka ndinatenga nsupa ya mafuta a nsatsi opakira magoli n'kuwathira onse, mpaka dontho lomaliza, mwini wake akuona. Ndinawapatsa chakudya, ndinawaperekeza, ndipo pamphambano ndinawalozera njira ya kumalire imene onyamula anzawo anadzera. Za dimba sanatchulenso, inenso sindinafunse. Tonse tinkadziwa kuti munthu amene wazungulira nkhokwe atavala goli akazi akuonerera sabweza kanthu kwa mwini golilo.

Ndinakhala masiku osawayankhula amuna anga, ndipo ndikukayika ngati anazindikira. Anali pa katope wawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Goli limene linatuluka pamenepo linali lotambalala pokhalira khosi, ndipo m'mphepete mwake mwa kutsogolo munali mopindikira m'mwamba ngati mlomo wa mphika, kuti ngolo ikamatsika lisamalume. Analigoneka pabwalo pambali pa lakale n'kundiitana. Ndinapita ndi cholinga chokawatukwana. Koma ndinaona kusiyana, koyamba, popanda wondilozera, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima kuposa zonse.

Ng'ombe zotsika mapiri ndi ngolo za kachewere zinaleka kupukusa mitu ndi kuima panjira. Eni ake anauzana. Anthu anayamba kubwera kuchokera ku Lifidzi, ku Ulongwe, ngakhale kutsidya kwa malire, ndipo onse ankayenera kuwatengera amuna anga kukhola kaye, poti lamulo lija silinasinthe. Nkhani ya mmene golilo linapezekera inayenda nalo limodzi. Akazi a pachitsime anaiyamba, ine ndinaikonza pamene ankalakwitsa. Posakhalitsa munthu akafika pakhomo ankangoti akufuna goli la alamu, ndipo aliyense ankadziwa limene akunena. Nkhokwe inadzaza, tinafolera nyumba bwino, koma ng'ombe sitinagule. Amuna anga ankati ukakhala ndi zako umayamba kukondera. Mpaka chaka chimene anamwalira ankasinthabe kanthu kamodzi, n'kumasisita golilo kuti likadali pang'ono.

Achimwene anakhala kutsidya kwa malire zaka zingapo, akugwira ntchito zina zonse zimene zinatsala. Anabwerera msewu utafika kukinta, machila ataponyedwa m'shedi. Ankayendabe mutu uli chopendekera, ndipo akamva ngolo ikubwera ankapatuka kulowa m'tchire, kuopa kuti woyendetsa angawathokoze. Pa ntchito zonse zimene anagwira pamoyo wawo, imene inapindulira dziko ndi ya masana aja pozungulira nkhokwe yanga, ndipo ndi yokhayo imene sankafuna kuitchula.

Kwathu ndinapitako pamaliro a azakhali aja. Anthu akukhuza ndinazemba, monga ankachitira amuna anga, n'kutsikira kumunsi kwa mudzi. Achimwene anali atabzala bulugamu m'dimba monse, nzeru imene anaitenga kutsidya, akuti adzagulitsa milimo ya nyumba kwa azungu. Mitengoyo inali italitali, yokongola ndithu, ndipo inali itamwa kasupe yense. Pansi pa mwala panali pouma, masamba ali fwa. Mapichesi anali zitsa. Ndinavula nsapato, poti nthawi imeneyo nanenso ndinali nazo, n'kuponda dothi. Linali lotentha ndi lolimba ngati la pamsewu.

Ndili chiimire, kumtunda kunadutsa ngolo yodzaza matumba, ikutsika chitunda. Ng'ombe zake zinkayenda mofatsa, mitu ili chilili, pakhosi pali goli la alamu. Woyendetsa anandizindikira, anavula chipewa n'kufuula kuti ndikawathokoze bambo kunyumba, ng'ombe zake sizinatupepo chigulireni. Ndinati ndikanena, ndipo ndinakanenadi. Ng'ombe zinapola makosi kuyambira ku Domwe mpaka ku Lifidzi. Ine kove mpaka lero ndimachita kugula pamsika, ndipo sakoma.